Mphindi Ziwiri za ku Amereka

Lachisanu, Disembala wa korona. Tsikuli linali bwinobwino, ndaliwononga ndekha.

Hotelo yathu ku West Bay, kuno kudziko la eni, ilibe alendo, ndiye ugadi wanga lero unali woyang'anira TV ya pa risepishoni. Amaonetsa mpira wa ku Amereka uja wovala zipewa ngati akabaza. Sikisi itakwana, a Banda, gadi wamkulu, akuti, "Mphwanga, basi ya ku kampu kogona sidikira munthu. Yalla, tiye!"

Ine, "Tsogolani madala, wotchi ikuti zatsala mphindi ziwiri zokha."

Ndimadziwa ine? Kochi wa timu yoluza wangokweza manja, akuti taimauti, wotchi n'kuima. Anyamata akumwa madzi. Athamanga pang'ono, waimitsanso. Katatu konse! Pakati pake malonda a galimoto. Ndikuti tsopano zigoli zigwe, timu inayo yangotenga mpira n'kugwada pansi ngati mapemphero a ku tchalitchi cha ku Abu Hamour, kudikira nthawi ithe. Gemu n'kuthera pomwepo.

Kutuluka panja, basi kulibe. Ndachita kufunsira njira ya ku sitima ya metro.

A Banda atumiza meseji ali kale ku kampu: "Nanga wawina ndani?"

Mayina a matimuwo sindikuwadziwa n'komwe.