Womuyang'anira Filipo

Lolemba, 7 Febuluwale 2005
Zotsatira zatuluka. Filipo ali nako kachilombo, ine ndilibe. Zaka zinayi nyumba imodzi, bedi limodzi. Sindikumvetsa, nayenso sakumvetsa. Pobwerera wagula chimanga chootcha chiwiri n'kudya chonse yekha, munthu woti mwezi wonse wakhala akukankha mbale. Ndaseka mpaka misozi, kenako misozi yokhayokha.
Kushopu madiresi atatu a kwaya ya ku Mvera akundidikira. Makina sindinawakhudze.

Lachinayi, 10 Febuluwale
Wasamukira pamkeka pabalaza. Kapu yake waimanga kaulusi kofiira, ulusi wanganso, osapempha. Akuti Loweruka la sabata yamawa achemwali ake, a Loyce, adzamutenga, azikadwalira kwawo ku Nachisaka. "Sindikufuna kukupha," akutero, kwinaku akutafuna mtedza wanga.
Ndakwiya, ndikuopanso. Akapita sabweranso, ndikumudziwa.
Kuchipatala akuti ma ARV sapatsa munthu wopanda womuyang'anira, woti alowe naye m'kalasi. Ndamuuza Filipo kuti ndine. Wati papepala amafunsa ubale. Ndati msuweni, bodza lomwe lija timawauza eni nyumba.

Lachiwiri, 15 Febuluwale
Kalasi. Mvula, msewu phala lokhalokha, tinafika matope m'mawondo. Anamwino ndi mayi Faines, achikulire, mawu ngati wailesi. Piritsi m'mawa, piritsi madzulo, moyo wonse. Zithunzi zawo zonse bambo ndi mayi, bambo ndi mayi. Zithunzi zomwezi n'zimene zinatipusitsa, tinkati matendawa amuna okhaokha sapatsirana. Uchitsiru wake.
Ndinakweza dzanja. Ndinati mnzanga wina alibe, koma amene amakhala naye ali nako, atani? Anafunsa ngati mkazi wakeyo akumwa mankhwala. Ndinangoti eya. Filipo anandiponda, chala chikupwetekabe.

Lachitatu, 16 Febuluwale
Tinakatenga botolo loyamba. Mayi Faines akuti, "Asuweni, dzasayineni kuno." Kachipinda ka makatoni, chitseko n'kutseka. Ine maganizo anali pa apolisi basi.
Sanandifunse kanthu. Anangoti ndikamuuze mnzanga uja: kapu, mbale, bulangete, kupsompsonana, palibe vuto. Kondomu nthawi zonse, kaya ndi mkazi kaya ndi mwamuna, ndipo kwa amuna okhaokha popanda kondomu n'koopsa kwambiri. Mafuta odzola ayi, amaing'amba. Mankhwala akamamwedwa bwino kachilombo kamachepa m'magazi, kupatsirana kumachepanso, koma asadalire pamenepo. Adzayezetsenso mu Meyi. Anandiikira katoni yathunthu ya makondomu m'jumbo. "Ikatha mnzanuyo abwerenso, ine sindiwerenga."
Ndamufotokozera Filipo zonse, osasiyako. Wangoyang'ana kudenga. Chikwama walongedza kale, chili kuseri kwa chitseko.

Lachisanu, 18 Febuluwale
Mkono wa diresi ndausokerera mozondoka, kawiri konse. Iye tsiku lachitatu la mapiritsi, akudandaula chizungulire koma futali wadya mbale ziwiri. Za mawa, zii.

Loweruka, 19 Febuluwale
A Loyce afika pamatola cha m'ma 10, ndi nthochi ndi nkhuku yamoyo. Ataona mmene mchimwene wawo waondera analira pang'ono. Kenako anazungulira nyumba yonse mpaka kuchipinda, n'kutuluka.
"Tiyeni achimwene, galimoto sidikira."
Filipo pamkeka, osasuntha. "Sindipita, achemwali. Wondiyang'anira ndi uyu, kuchipatala analemba. Asuweni athu onse mumawadziwa, ndiye sindikunamizani."
A Loyce anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandipatsira nkhuku ija. "Akadzaphonya piritsi ngakhale limodzi ndidzafunsa inu, alamu. Mpeni mumasunga pati?"
Alamu. Ine.
Ali kukhitchini panopa, akukalipa kuti mapoto athu ndi akuda, akundiitana kuti madzi awira, ndiye