Mawu a Mayi Icilda

Highgate, St Mary
12 Okutobala, 2009

Okondedwa Achemwali Adassa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Birmingham. Ine thupi lili bwino. M'kalata yanga ya pa 21 Seputembala ndinakuuzani kuti maliro a aPhunzitsi Braham anayenda bwino, ndipo sindinaname. Makwaya analipo 11, onse a anthu amene anadutsa m'manja mwawo, ndipo poimba ena ankayang'anabe pakona paja pamene iwo ankaimirira, kudikira dzanja lawo. Koma pali chimene ndinakubisirani. Ndikulemba chifukwa pafoni mawu angandithere.

Mukudziwa kuti anatisiya Lachinayi pa 3 Seputembala. Popeza analibe mwana, ndipo ine ndawasungira nyumba zaka 23, za mwambo wa tsiku lachisanu ndi chinayi chimwalirireni zinagwera ine. Ndinachita monga amayi anatiphunzitsira: kutembenuza matiresi, kusuntha bedi ndi mipando, kutulutsa zonse za m'chipinda, kuti mzimu ukabwera usazindikire pakhomo, upite ukapume. Ndinawafunira zabwino, achemwali. Munthu amene anakwera mapiri onsewa zaka 40 kufunafuna nyimbo zauzimu za makolo athu, ndinati apume.

Amayi a mumpingo anabwera kudzandithandiza. Titafika pa mashelefu a makaseti amene anajambulamo nyimbo zija ndinazengereza, chifukwa zaka zonsezi sanandilole ngakhale kupukutapo fumbi. Mayi Pearline anati, "Iwe Vernice, ukasiya izizi ndiye sachoka muno mpaka tsiku lachiweruzo! Ukufuna azidzakukonza kaimbidwe uli m'bafa?" Tinaseka, nkuyamba kutsitsa. Aliyense ankangowola ndi manja awiri nkuthira m'katoni imene inali pafupi. Makaseti 386, makatoni 7.

Ndili kupukuta mashelefu aja ndi pamene ndinaona timapepala. Anatimata pathabwa, pansi pa malo a kaseti iliyonse: dzina la woimba, mudzi wake, ndi tsiku. Ndinathamangira ku makatoni, kutembenuza kaseti ndi kaseti. Pa makaseti enieniwo sanalembepo kanthu. Inu mwina munkadziwa kuti ndi mmene ankasungira. Ine sindinkadziwa. Tsopano maina ali pathabwa, mawu ali m'makatoni, ndipo amene ankawagwirizanitsa ndamupirikitsa ndekha.

Pa tsiku la maliro, pa 19, kunabwera Bambo Egbert Tulloch a ku Jeffrey Town, a zaka 88, atagwiridwa mkono ndi mwana wawo Hyacinth. Anandigwira dzanja nkuti, "Mwanawe, aPhunzitsi anajambula mkazi wanga ali kuimba pakhonde, ndipo anandilonjeza kuti adzandimvetsa. Ine ndinkati mawa, iwonso ankati mawa. Tsono ndati ndimumve kamodzi ndisanamulondole." Ine, achemwali, ndinayankha kuti, "Kasetiyo ilipo, bambo, ili pabwino."

Kapepala kake ndinakapeza, shelefu yachitatu. Akuti Icilda Tulloch, Jeffrey Town, 8 Ogasiti 1981. Chaka chimenecho ndinu amene munkawanyamulira aPhunzitsi makina ojambulira.

Kuyambira pa 20 ndakhala ndikumvera makaseti anayi pa tsiku, kupatula Loweruka. Ndamvera 76, atsala 310. Mwa amene ndamverawo, 27 ali ndi mayi woimba yekha, ndipo ndawaika pambali. Koma ine Mayi Icilda sindinawamvepo ali moyo, ndiye Loweruka lililonse ndimakwera basi ndi wailesi ya makaseti pamiyendo kupita kwa Bambo Egbert. Hyacinth ndinamuululira zonse. Sanandikalipire. Anangondipatsa mpando, ndipo bola akanandikalipira.

Bambowo amatha kumvera makaseti atatu okha, kenako mutu umawalemera. Loweruka loyamba anali ndi mphamvu. Nditangoyatsa anati, "Zimitsa, zimitsa! Ameneyo ndi Dorcas wa kuseri kwa tchalitchi, ankaimba ngati mbuzi yokodwa m'waya. Icilda wanga akanamva kuti mwamuyerekeza ndi Dorcas, akanadzuka!" Hyacinth anaseka mpaka misozi. Ine ndinalemba dzina la Mayi Dorcas pa kasetiyo, ndiye limodzi mwa maina 386 labwerera kwa mwini wake.

Dzana, pa 10, linali Loweruka lachitatu. Ndinawapeza atagona, sakutulukanso pakhonde. Hyacinth anandinong'oneza kukhitchini kuti adokotala sakulonjeza Khirisimasi. Ndinawerengera ndili m'basi pobwerera: atsala Maloweruka 10, ndiye makaseti 30. Ndawerengera kangapo, sizisintha.

Koma chimene chandilembetsa si chimenecho. Kaseti yachitatu ya tsikulo inali ya mayi wa mawu otsika, woimba mosathamanga, mzere uliwonse nkupumira. Bambo Egbert anamvera maso ali chitsinzinire. Nyimbo itatha anatembenukira kwa ine, osati kwa mwana wawo, nkuti, "Mwanawe, kodi ameneyu ndi iye?"

Hyacinth anali ndi zaka zinayi pamene amayi ake ankamwalira. Anandiyang'ana, maso ake akundipempha kuti ndingovomera. APhunzitsi ankatiletsa kuyamba nyimbo tisanatchule amene anatipatsa, ndiye ine ndikanatenga bwanji mawu a mayi wina nkuwapatsa dzina la mkazi wa mwini? Ndinangoti, "Tidzamveranso Loweruka, bambo." Anati, "Chabwino," nkutembenukira kukhoma.

Achemwali, ndikukupemphani, khalani pansi mukumbukire tsiku lija. Kodi kunagwa mvula padenga la malata? Kodi panali tambala, kapena mwana akulira? Kodi aPhunzitsi anayankhula kanthu asanayambe, kapena inu munalowererapo poimba? Mawu anu ndiwo ndingawazindikire ngakhale pakati pa anthu zana. Kanthu kalikonse, ngakhale kochepa, mundiimbire foni nthawi iliyonse. Ngati simukukumbukira, mundiuzenso, ndisamadikire.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse. Mayi Pearline akupereka moni, ndipo sakudziwa kanthu za timapepala tija. Musawauze, chifukwa iwo anangondithandiza. Hyacinth akuti moni. Bambo Egbert, nditawauza kuti ndikulemberani, anati ndipereke moni kwa mtsikana wa makina uja, ndi kuti musavutike kwambiri, popeza zaka 28 si dzulo.

Loweruka likubwerali ndi pa 17. Ndidzakwera basi ya 7 koloko ndi makaseti atatu ena, komanso ija ya mayi wa mawu otsika. Akadzandifunsanso, sindikudziwa chimene ndidzayankhe. Mundipempherere.

Ine mng'ono wanu,
Vernice