Maliro a Amayi Analiridwanso ku Italy

Utawala, Nairobi

Okondedwa Amalume,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija likukulolani kuyenda ndi chisanu cha ku Bembekeko? Nanga azakhali ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, kupatula fumbi la ku Utawala ndi phokoso la m'maminibasi a kuno otchedwa matatu, loti munthu umafika kuntchito makutu atagontha.

Nkhani ndi ya mlongo wanga Dunstan. Musang'ambe kalatayi, werengani kaye.

Mukudziwa kuti ine ndi amene ndinakuikirani kumbuyo pamene munanena kuti asadzapondenso pamudzi. Amayi akuikidwa m'manda, iye ali ku Italy, kujambula azungu akuimba. Zoti ndege sikanamufikitsa msanga ine sindinazimve, mpaka lero zimandinyansa. Chibwerereni kuno ku Nairobi, kutchalitchi ndakhala ndikumudutsa ngati mtengo wa magetsi.

Filimu yake ija yatuluka. Anaionetsa ku Westlands, ndipo olemba nyuzipepala amudya wamoyo. Wina analemba kuti Mmalawi wopita kukatola nyimbo za azungu, kwawo ng'oma zikudyedwa ndi chiswe, ndi munthu wosokera. Wina anayamikira ndithu, makamaka pamene abusa a nkhosa a ku Sardinia akuimba atagundanitsa mitu, mawu akugunda pansi ngati njuchi mumphako. Koma onse anagwirizana pa chinthu chimodzi: akuti chakumapeto pali malo amene kamera inagwera pansi, nkumangoonetsa nsapato ndi miyala, kukumveka phokoso losadziwika. Wa pawailesi anachita kuseka, amvekere ngakhale mwana wojambula ukwati ndi foni akanadula pamenepo.

Ine ndinakondwa, Amalume. Ndinadula nkhanizo kuti ndikutumizireni. A Veronica, amayi a ku Dedza omwe timaimba nawo kwaya, anandiuza kuti pakamwa panga ndi pa lumo, ndikaonere kaye ndekha ndisanatukwane mwana wa mayi anga. Ndinawayankha kuti chabwino, ndipita, ndikaseke bwino ndili pafupi.

Zambiri ndinangoonera ndi diso limodzi. Madala ena akuliza chitoliro chomangirira ku thumba la chikopa cha mbuzi, atsikana akuvina ngati alumidwa ndi linthumbu. Kenako panabwera agogo atatu ovala zakuda, a m'mudzi wina kumwera kwa Italy. Akuti kale ntchito yawo inali kulira maliro moimba, kutchula dzina la womwalira ndi zabwino zake, koma masiku ano palibe amawaitana. Anayamba kuimba mongoonetsa, poti panalibe maliro.

Apa m'pamene kamera inagwa. Phokoso limene anzathu a nyuzipepala sanalimve lija, ine ndinalizindikira nthawi yomweyo. Anali Dunstan, akulira monga timalirira kwathu munthu akamalowa pasiwa. Amaitana amayi, kuwafunsa kuti amusiyira yani.

Nyimbo inaduka. Agogo wina anafunsa kanthu m'chinenero chawo, iye nkuyankha. Atayambanso kuimba, mawu anali ena, olemera, osaonetsanso. Ndipo pakati pa Chitaliyana chonsecho ndinamva dzina, lopotoka lilime koma lomwelo: Nambewe, Nambewe. Amalira mlongo wanu, Amalume. Nsapato zakuda zija zinasendera nkumuzungulira.

A Veronica anandigwira dzanja. Mayi wina wa ku Kenya amene anakhala pambali panga, osadziwa kalikonse, anangondipatsa kansalu nkunena pole, pepani wa kunoko.

Sizinathere pomwepo. Patsogolo pake chithunzi cha Dunstan chinaoneka pang'ono pagalasi la sitolo, mutu uli mpala. Tsitsi lopota lija, limene munakangana naye zaka zonse zija nkulephera kumumetetsa, linali litachoka. Ine ndinkayesa anameta chifukwa cha fasho ya ku Ulaya. Titatuluka ndinamupeza pakhomo nkumufunsa, mawu anga oyamba kwa iye chimwalirireni amayi. Anati anawerengera tsiku limene inu munkameta kumudzi, nabwereka lumo kwa mwini nyumba.

Ndinamufunsanso chifukwa chake sanadule malo amene akumunyozetsawo. Anati opereka thandizo la filimuyo anamuuza kuti adule, ndipo akudziwa kuti mwina sadzamupatsanso ntchito ina. Koma akuti maliro a amayi amene iye anakhalapo ndi okhawo, sangawadule.

Ndinamuuza kuti ndi chitsiru, ndipo kuti wawonda ngati galu wa kumsika. Loweruka anabwera kudzadya kwathu.

Musaganize kuti ndamukhululukira zonse. Pamene ndinkasambitsa amayi kuchipatala ndinali ndekha, ndipo zimenezo filimu singafufute. Koma mlandu umene tinamupatsa unali woti sanalire, ndipo mlandu umenewo ndi wabodza. Ndaona ndi maso anga.

Tsono pempho langa ndi ili. Pomanga chiliza mwezi wa Okutobala, ndibwera naye. Sadziwa ngakhale mbali imene manda a mayi ake ali. Womutsogolera kukamuonetsa ndinu, mwini mbumba, palibenso wina. Mukafuna kumukalipira mukalipireni, ine ndidzakuthandizani, mukundidziwa. Koma agogo achilendo, osadziwa ngakhale kumene kuli Malawi, anamugwira mapewa mwana wa Nambewe. Ife eni ake tikanike?

Mundiperekere moni kwa azakhali, kwa a Spencer ndi ana onse. Ambuye akusungeni, bondolo lipole, chifukwa njira ya kumanda ija ndi yokwera.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Mtisunge