Nkhanu Zosakanizika ndi Maso a Bambo

Pontevedra, Capiz
9 Okutobala 2019

Okondedwa achimwene a Renante,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dammam pamodzi ndi alamu anga ndi kakhandako. Kuno tadzuka, koma ine mtima suli m'malo. Pafoni sindinganene chifukwa bambo amakhala ali pambali panga.

Paja eni maiwe onse kuno amabweretsa tiana ta nkhanu kuti bambo awasankhire, zobiriwira zokula msanga uku, zamanja ofiira zokumba mauna uko. Chaka chino akhala akuphonya. A Temyong, mmodzi wa eni maiwewo, bambo anawasankhira zofiira zambirimbiri poyesa kuti ndi zobiriwira, zinaboola khoma la dziwe, madzi ndi nkhanu zomwe n'kuthawira kumtsinje. Anabwera akulalata pakhomo: "Madala, maso munawaiwala kutchalitchi? Ndi mbuzi yomwe ikanasankha bwino!" Madzulo ake bambo anavomera kuti mwezi wamawa ndipite nawo kuchipatala cha ku Roxas akawachotse ng'ala, imene ayikana chaka chonse.

Kenaka kunabwera mtsikana wina wa ku yunivesite amene amayeza nkhanu za mumtsinje wathu. Anatiuza kuti zina ndi ana a mitundu yonse iwiri, manja ofiira koma miyendo yamawanga ngati zobiriwira, ndipo zimakwatirana zokha m'matopemo popanda dzanja la munthu. "Ngakhale ife zimatisokoneza, agogo," anatero pofuna kuwalimbitsa mtima.

Achimwene, mukanawaona! Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Wamva, Erlinda? Si maso anga ayi, ndi nkhanuzi zataya mwambo! Kamuuze Temyong akakalipire nkhanu zachimasomasozo."

Ine ndinamutsatira mtsikanayo kumsewu n'kumufunsa kuti zoterezi n'zochuluka bwanji. Anayang'ana pansi. "N'zochepa kwambiri, mayi. Zimene ndinatola m'dziwe la a Temyong ndi zofiira zenizeni."

Mawu amenewa bambo sindinawauze. Ndiwauze bwanji? Ayambiranso kudya mpunga mbale yodzaza, akuimba posoka misampha. Koma za ku Roxas akuti ndisazitchulenso, ndipo ayambanso kupalasa bwato okha kukalowa m'mitengo ya m'matope ija, mosokoneza ngakhale munthu wa maso awiri. Lachisanu anabwera chala chili magazi okhaokha, atagwira nkhanu yosamangidwa manja poyesa kuti ndi yomangidwa. Dzulo bwato analikoka ndi asodzi, atawapeza akulowera kunyanja iwo akuti akubwera kunyumba. Akuti ndi mafunde anawatembenuza, chonsecho madzi anali bata.

Ndili ndi mantha, achimwene. Ndikawauza zoona ndiwathyola mtima, ndikakhala chete tsiku lina bwatolo lidzabwera lokha. Mutu umodzi susenza denga. Inu amakumverani, paja ndinu mwana wamwamuna, ine ndimangokhala wolongolola wa pakhomo. Aimbireni Lamlungu tikachoka ku Misa, ndipo musawanyengerere. Za ulendo wa kuchipatala ndiona ndekha, kwa inu ndikufuna mawu basi.

Mundiperekere moni kwa alamu. Bambo nawo akupereka moni wambiri. Chithunzi cha mdzukulu wawo chinafika, ndipo anachiyang'anitsitsa nthawi yaitali akumwetulira. Akuti ndikuuzeni kuti mphuno ndi yanu, chipumi ndi cha malemu amayi. Anali atachigwira chozondoka, ndipo ine ndinangovomera kuti eya, wafananadi.

Ndine mlongo wanu,
Erlinda