Khomo limene linkamukana Zuze

Amayi, kukucha bwanji kumeneko? Ndikhulupirira kuti miyendo ija inasiya kutupa, ndipo mwapeza kale anzanu osewera nawo bawo amene sanadziwebe kuti mumabera. Ndine Malita wanu. Ndakhala pakhonde panu paja nditangoweruka ku Limbe, ndati ndikuuzeni za kuno. Koma ndikuchenjezerenitu, kumapeto kwa kalatayi kuli mlandu wanu.

Tiyambe ndi zabwino. Joana wa azakhali anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Kakhanda, koma tsinya lake ngati kakufuna chenje kwa kondakitala. Tadala, mdzukulu wanu, watalika moti akuvala nsapato zanga osapempha. Kumudzi ku Nsanje akuti mbatata za kudimba zachita bwino, atitumizira thumba, ngakhale linafika lopepuka kusiyana ndi mmene analikambira pa foni. Chimanga cha kuseri kwa nyumba nacho chinabereka, kungoti wina anatithandiza kukolola mizere ya kumpanda ife tili kutchalitchi. Sindinamugwire, koma pali bambo wina kuno ku Nkolokosa amene wayamba kundipatsa moni kawirikawiri, mpaka kufunsa za ana. Munkati munthu akachulutsa moni uziwerenga nkhuku zako. Ndinawerenga, zilipo zonse, koma ndikumuyang'anabe.

Tsopano nkhani ya mwana wanu wapamtima, Zuze. Musakane, tonse tinkadziwa. Mukukumbukira kuti asanapite ku Joni anatiikira bawo pa laputopu, kuti Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi tizisewera ngati kale. Thabwa linkakhala kuno, pa laputopu yathu. Iye ankachita kulowa pa foni yake ali komweko, kudzera pa khomo limene anatsegula yekha pa rauta, kabokosi ka intaneti kaja munkakaphimba ndi nsalu kuti kasalowe fumbi. Inu munkakhala pambali panga, foni ili pa sipika. Ndikangomutchera msampha, kumusiyira dzenje lonona kuti adye ine ndimukolole mzere wonse, inu chifuwa chinkayamba. Kho! Kho! Zuze nkubweza dzanja, nkuthokoza m'Chisena chanu chija, "Takhuta, Amayi." Ndikadandaula munkati ndi fumbi la ku Makata. Amayi, fumbi lanji lodziwa kuwerenga nkhomo?

Pamaliro anu Zuze sanabwere. Ndikudziwa kuti munaona nokha. Mapepala ake anali atatha, akanatuluka sakanamulolanso kulowa, ndipo ntchito ya kugalaja ikanathera pomwepo. Azakhali analankhula pasiwa, mokweza dala, kuti mwana amene saponya dothi pa bokosi la mayi ake ndi mlendo. Mawu amenewo anafika ku Joni ife tisanabweze mapoto obwereka. Ine sindinamunene, komanso sindinamutonthoze. Zovuta zitatha tinayambanso kusewera, koma mwakachetechete, wina osamuseka mnzake. Anali masewera ozizira, komabe ndi chokhacho chimene chinatsala pakati pa ine ndi mlongo wanga.

Kenako akuba anadula waya wa intaneti mumsewu wathu wonse. Kampani ija inkangoti tibwera mawa, mpaka mkamwini wanu anatopa, nkubwera ndi rauta ya kampani ina, yoikamo simukhadi. Zonse zinayenda: mpira wa mkamwini wanu, mavidiyo a Tadala, maulaliki anga. Koma bawo, ayi. Lamulungu litafika ndinayala thabwa nkudikira, tiyi ali pambali. Kunangobwera uthenga wa Zuze wakuti, "Achemwali, sizikulowa."

Ndinati vuto ndi khomo lija, poti rauta ndi yatsopano ndipo palibe anali atalitsegula. Zuze ananditumizira malangizo, ine nkuwatsata limodzilimodzi. Ndinalowa m'kati mwa rauta kudzera pa laputopu, ndinapeza pamene amatsegulira makomo, ndinalemba nambala ya khomo la bawo nkuliloza ku laputopu yathu. Ndinaiuza rauta kuti laputopuyo isamasinthidwe nambala ikazima. Mlonda wa mu laputopu, amene amatsekereza alendo, ndinamuuza kuti wobwera pa khomo limeneli ndi wathu. Ndinazimitsa zonse nkuyatsanso. Kenako ndinatenga foni yanga, ndili pabalaza pomwepo, ndinayesa kulowa ngati mlendo, ndipo ndinalowa popanda vuto. Ndinajambula chithunzi nkumutumizira pamodzi ndi adilesi yatsopano: "Ona, ine ndalowa. Yesa." Yankho lake, "Sizikutheka, achemwali." Lamulungu linalo chimodzimodzi. Ndinafufuta zonse, mpaka kubaya kabowo ka kuseri kwa rauta ndi singano kuti iiwale zimene ndinaiuza, nkuyambiranso. Yankho linali lakuti, "Zakanikanso. Musavutike."

Musavutike! Munthu amene akufuna kulowa samanena choncho. Pamenepo m'pamene makutu anga anaima.

Kukayika ndinatengera inu, ndiye musandidzudzule. Ndinayamba ndi mkamwini wanu. Munthu amene sanakondenso bawo chimugonjetsereni inu pamaso pa anzake, ndiye akasankhe yekha kabokosi koonetsa mpira bwinobwino koma kokana bawo? Analumbira mpaka kugwira Baibulo. Ndinasamukira kwa bambo wa moni uja, ndinati wakolola chimanga, tsopano akukolola intaneti. Ndinasintha pasiwedi, nkuika yaitali ngati pemphero la abusa. Osathandiza. Ndinafika pa mlamu, mkazi wa Zuze, amene ine ndi inu tinangomuona pa zithunzi. Ndinati ameneyu watopa ndi Lamulungu la kuchimuna, akufuna mwamuna wake azimuperekeza kumashopu.

Pomaliza ndinafika pamene ndinkapazemba. Ndinati Zuze sakuyesa n'komwe. Munthu amene anaika yekha zonsezi alephere kulowa khomo limene ine wogulitsa nsalu ndikulowa? Ndinati wapeza pothawira. Akufuna kutisiya pang'onopang'ono popanda kutsanzika, ndipo intaneti yamupatsa chonamizira. Zinandiwawa, Amayi, zinandiwawa kwabasi. Inu mwapita, ndiye uyunso azipita ali moyo? Ndinasiya kumuimbira. Thabwa ndinkayalabe Lamulungu lililonse, mokwiya, koma sindinkamuuzanso kuti ndayala.

Amene munanditsegula maso ndinu. Kalipentala atabwera kudzakonza chitseko cha kukhitchini chimene chinatupa ndi mvula, ndinakumbukira mmene munkachitira. Mmisiri akati watha, inu munkatuluka panja, kutseka, kugogoda, kukankha ndi phewa, nkumati chitseko sayesera m'nyumba, wakuba sachokera kuchipinda. Ndinaima ndi tsache m'manja. Ine nthawi yonseyi ndinkayesa khomo la bawo ndili pabalaza, foni yanga ili pa waifai ya m'nyumba momwemo. Sindinayesepo ndili panja.

M'mawa mwake ndinasiya laputopu ili chiyakire, thabwa loyala, nkulamula kuti wina asaigwire. Magetsi, mwamwayi, sanathime tsiku limenelo. Pa nkhomaliro ndinakhala kuseri kwa shopu ya abwana ku Limbe, pa mpukutu wa nsalu, ndinagula bandulo pa foni, ndinayesa kulowa kwathu. Kanthu kaja kanazungulira, kanazungulira, kenako panabwera mawu ofiira achizungu otanthauza kuti mwini nyumba sanakulandireni. Ndinayesanso. Mwini nyumba sanakulandireni. Ndinayang'ana mawu aja mpaka tchipisi changa chinazizira. Mwini nyumbayo ndine. Ndiye kuti mwana wanu, amene anauzidwa kale kuti ndi mlendo, ankawerenga zimenezi nthawi zonse, ine uku ndikumutumizira zithunzi zoti khomo lili chitsegulire.

Loweruka ndinapita ku ofesi ya kampani yatsopano ija mtauni, nditamanga chitenje cha ndewu. Mayi wa pakauntala anandionetsa kuti adilesi imene rauta yathu imati ndi yake si imene anthu akunja amaiona. Akuti adilesi yakunjayo timagawana nyumba zambirimbiri. Anati zili ngati mpanda wa nyumba za lendi ku Mbayani, geti limodzi mabanja ambiri. Wa m'kati amatuluka mmene afunira, koma mlendo akafika pageti palibe womulozera chitseko, amangobwezedwa. "Ngakhale mutazula chitseko chanu, mayi, sangafike," anatero. Ndinafunsa ngati angandipatse geti langalanga. Akuti zimenezo amapatsa makampani, osati simukhadi ya pakhomo. Ndinamuyang'ana bwinobwino kuti mwina akufuna kundigulitsa china, koma sanatulutse kanthu, ndiye ndinamukhulupirira theka.

Ndinamuimbira Zuze ndili pa siteji ya minibasi, makondakitala akukuwa Limbe, Limbe. Ndinamufotokozera za geti lija. Kenako anati, "Achemwali, pa bawo paja pali batani loletsera munthu. Ine ndimayesa mwanditsekera dala." Ndinati iwe, bwanji osandifunsa! Iye akuti, "Ndikanafunsa ndi pakamwa pati, munthu woti sindinaponye dothi?" Akuti ankayesabe Lamulungu lililonse, ngakhale nditasiya kumuuza, ndipo amene ankamukakamiza kuti ayesenso ndi mlamu yemwe uja. Ndinalira pa siteji, Amayi, mpaka kondakitala wina anati, "Mami, kwerani, mulirira m'kati." Ndinamuuza Zuze kuti dothi ndinaponya kawiri, langa ndi lake. Ndi zoona, inu ndinu mboni, kungoti sindinauzepo munthu.

Njira inatsala imodzi, kuti thabwa lisamuke. Intaneti ya kugalaja kumene amakhala ili ndi adilesi yakeyake, ndiye iye ayale kumeneko, ine ndizilowa ngati mlendo. Poyamba ndinakana. Thabwa lakhala m'nyumba mwanu chiyambire, lamtengo lija ndi la pa laputopu lomwe, ndipo kulitumiza ku Joni ndinkaona ngati ndikutulutsanso maliro. Ndinaganizanso kuti mwina ndi zimene iye ankafuna kuyambira kale. Koma munkati chibale ndi fupa sichiola, ndipo ine ndaona kuti fupa ukalisiya panja galu amatola. Ndinavomera.

Dzulo tinasewera. Ndinagogoda, ndipo khomo linatseguka nthawi yomweyo. Nkhomo zili m'maenje, mawu a Zuze pa sipika, "Takulandirani, alendo athu, vulani nsapato." Mwano wake ulipobe. Ndinkamva wina akunong'ona kumbuyo kwake, ndikuganiza kuti ndi mlamu, ndipo nkhani imeneyo sindinaitaye. Tinatakata, tinadyerana, tinanyozana ngati kale, mpaka ndinaona mpata. Ndinamusiyira dzenje lonona, nyambo yeniyeni, yoti akangodya mzere wake wonse wakutsogolo ukhala wanga. Ndinamumva akuwerenga chapansipansi, akuseka yekha. Ankabwera ngati nkhuku yoona madeya.

Ndiye Amayi, mlandu wanu ndi uwu. Chimfine ndilibe. Fumbi kulibe, chiperoni chakhala chikuwaza sabata yonse. Nanga chifuwa chinachokera kuti? Kho! Kho! Chinatuluka pakhosi panga, ine mwini msampha, ndisanachigwire. Zuze anabweza dzanja, nkunena kuti, "Takhuta, Amayi." Anadya kwina, ndipo anandigonjetsa, nkhomo zanga zonse psiti.

Mkamwini wanu akuti ndinachita dala, akuti ndafewa. Ine ndikuti ayi. Wachimanga sindinamugwire, mlamu sindinamugwire, koma inu ndakugwirani. Ngakhale kumeneko simunasiye kukondera.

Basi, berani, sindidandaula. Ndikulonjeza kuti Lamulungu lililonse ndizigogoda kwa mwana wanuyo, ndipo tsiku limene khomo lidzakanenso ndidzayamba ndamufunsa ndisanamuweruze. Mpando wanu uli pompaja pambali panga, Tadala ndamuletsa kuikapo zovala.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene simunamutsokomolerepo ngakhale kamodzi,

Malita