Nyumba ya kwa Khutu

Chipata,
15 Meyi 2008

Okondedwa achemwali anga a Benedicta,

Landirani moni wochokera kwa ine mlongo wanu Cyprian. Kodi muli bwanji kumeneko ku Mkanda? Mwendo uja unkatupa nthawi ya dzinja unaphwa? Nanga alamu, chifuwa chija chinawasiya? Ine m'thupi mulibe powawa, kungoti chakudya sichikutsika.

Musadabwe kuona kalata yochokera ku Zambia. Ndafika kuno dzulo, ndili kwa Alufeyo, telala uja tinkaweta naye ng'ombe tili ana. Wagwira bolopeni ndi iyeyo, ine ndikungoyankhula, ndipo wandiuza kale kawiri kuti ndidule nkhani. Ndiyesetsa. Kalatayi akuwerengereni mwana wanu Esitele muli awiri m'nyumba. Musaitengere kwa aphunzitsi kapena kwa akatekisiti.

Nkhani ndi ya nyumba ya malemu achimwene athu a Raphael, ija ya pa boma pa Mchinji. Zina mukuzidziwa, poti mwana wawo Princess ali kwa inu ndi khanda lake kuyambira Januwale. Koma mwana uja sayankhulayankhula, ndiye ndiyambe poyambira. Achimwene anamanga nyumba ija ndi ndalama zopumira pa ntchito yawo ya ukalaliki: zipinda zinayi, khonde lofiira, mango kutsogolo, mapeyala kuseri. Asanamwalire analembetsa mapepala m'dzina la Gerald, ati ndiye mwamuna, adzasunga amayi ake ndi mlongo wake. Gerald anatenga mapepalawo n'kukaika chikole ku banki, ndalama zake n'kukwerera ndege ya ku Mangalande. Sanauze munthu. Amayi ake anamwalira osadziwa, iye ku maliro sanabwere. Ndi nthawi ija ndinachoka kumudzi kukakhala ndi Princess kuti pakhomo pasasowe munthu wamkulu.

Zimene Gerald amachita kunjako, inu kumudzi simunazimve bwino. Amalemba pa intaneti. Ine nditafunsa anandiuza kuti intaneti ili ngati khoma la sitolo lomwe anthu amamatapo mapepala, kungoti khoma limeneli limaoneka dziko lonse, ndipo womatayo samuona. Anadzipatsa dzina loti Khutu. Anthu a pa boma amamutumizira miseche mobisa, iye n'kumalemba mayina osabisa ndi limodzi lomwe: uyu amagona ndi mkazi wa uje, uyu ali ndi matenda aja, uyu mwana amene akulera si wake. Pa boma pali kasitolo ka makompyuta, kumeneko amatulutsa zolembazo pa pepala, pepala n'kumayenda m'minibasi, pa msika, mpaka m'mabenchi a m'tchalitchi. Anthu amaseka. Amasiya kuseka tsiku lomwe apeza dzina lawo. Chaka chatha zinaululika kuti Khutu ndi mwana wa a Raphael, ndipo kuyambira pamenepo pakhomo paja pamatchedwa kwa Khutu.

A banki anabwera mu Januwale mvula ikugwa. Anatulutsa katundu panja, mipando, kabati ya malemu alamu anga amayi ake a Gerald, mabuku a achimwene, zonse zinanyowa. Anakhoma loko pachitseko ndi chikwangwani pa mtengo wa mango. Bwana wawo anandiyang'ana n'kunena kuti ngati ndilibe kopita ndikhoza kumagona m'kanyumba ka kuseri, bola ndiziyang'anira malowo mpaka atapezeka wogula. Ndinavomera. Ndinkati nyumba ya achimwene isagone yokha.

Wogula sanapezeke. Tsiku la malonda kunabwera anthu ambiri, koma onse anali odzaonerera. Mmodzi yekha, wamalonda wa kumalire, ankafuna kusandutsa nyumbayo malo ogona alendo. Anayendera zipinda zonse, anagogoda makoma, kenako mnzake anamunong'oneza kuti ndani angadzagone kwa Khutu, mawa lake dzina lake lili pa pepala. Bambo uja anakwera galimoto osatsanzika.

Achemwali, nyumba yopanda anthu imakalamba msanga kuposa ife. Udzu unafika m'mawindo. Chiswe chinakwera mafelemu a zitseko. M'siling'i munalowa mileme, kuchipinda kwa alamu kunalowa njuchi, moti masana ukaika khutu pa khoma umamva nyumba yonse ikulira pansipansi. Alufeyo akuti za njuchi ndizisiye. Ndazisiya, koma ine ndinkazimva tsiku ndi tsiku.

Kenako anthu anayamba kubwera. Poyamba ankabwera mozemba, ine ndikapita kumsika. Ndikabwera ndipeza galasi lachoka, mawa mpope wa panja, mkuja mawaya a magetsi. Pambuyo pake anasiya kuzemba. Bambo wina anabwera ndi makwerero dzuwa lili pamutu, anazula malata atatu a kukhitchini ine ndikuona. Nditamufunsa anati banja lake linatha chifukwa cha Khutu, ndiye malata atatu ndi ochepa. Ndikanamuyankha chiyani? Pa khoma la kutsogolo wina anajambulapo khutu lalikulu ndi makala. Ndikafufuta, mawa lake ndipeza lajambulidwanso, lokulirapo. Amene ndinkacheza nawo pa bawo anayamba kuyang'ana kumbali ndikamadutsa. Ine amene mumandidziwa, munthu woti pa maliro amandisungira malo pafupi ndi moto kuti ndiwachezetse, ndinakhala masabata osayankhula ndi munthu.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo mumve bwino.

Kumayambiriro kwa mwezi uno kunabwera galimoto yoyera yochokera ku Lilongwe. Munatuluka mwamuna ndi mkazi, ovala bwino, aulemu, mkaziyo mpaka kugwada popereka moni. Anali ndi kamera. Ananditulutsira mabanzi ndi chakumwa chozizira, tinakhala pa khonde. Mwamunayo anafunsa ngati ine ndili bambo ake a Gerald. Inu mukanayankha bwanji? Mwana wa achimwene anga ndi mwana wanga, anakula akunditchula bambo, ndine ndinamusemera legeni yake yoyamba. Ndinati inde, ndine bambo ake. Sindinaganize zowonjezera kuti wamng'ono.

Anthu aja ankadziwa kumvetsera. Ndikanena, iwo n'kumati ndiyeno zinatha bwanji, agogo? Pakamwa panatseguka ngati mpopi. Ndinawauza za Gerald ali mwana, mmene ankabisala kuseri kwa kabati kumvera za akulu. Ndinawauza za achimwene, za alamu, za tsiku la a banki. Anafunsa ngati Gerald ali ndi abale ena. Ndinati ali ndi mlongo mmodzi, Princess, ali ndi khanda, akukhala kwa azakhali ake a Benedicta ku Mkanda. Ndinawauzanso za kwawo kwa amayi ake ku Dedza, mudzi ndi mayina omwe. Anandijambula nditakhala pansi pa khutu lija, ndili ndi banzi m'manja. Atachoka ndinamva kupepuka, ndinati lero ndacheza.

Sindinadziwe kuti nawonso ndi a pa intaneti, ndipo Gerald anawalembapo zoipa. Ankafuna kumuonetsa kuti kwawo akudziwa.

Tsopano pa boma panali mayi wina dzina lake Tabeth, wosoka madiresi a ukwati pafupi ndi depoti. Munthu wofatsa, ankandipatsa moni ngakhale pamene ena anasiya. Mwezi watha Gerald analemba kuti mayiyu ali ndi matenda ndipo mwana wake womaliza ndi wa dalaivala wa thiraki. Zoona kapena zabodza, ine sindidziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti Gerald nayenso sadziwa. Mwamuna wake anamuthamangitsa, akwati anakatenga nsalu zawo. Sabata yatha anamwa mankhwala a makoswe. Anaikidwa Loweruka.

Lachiwiri lapitali, cha m'ma leveni m'mawa, ndikusesa pansi pa mango, pakhomo panafika amuna atatu pa njinga. Pa keliyala ya mmodzi panali chigubu cha petulo. Sanakuwe, sanatukwane. Anatsamiritsa njinga pa mpanda, wamkulu wawo, bambo wa dazi, anandipatsa moni bwinobwino n'kunena kuti iwo ndi alongo ake a Tabeth. Anandipempha kuti ndichotse zanga m'kanyumba ka kuseri, chifukwa mphepo ikuwombera komweko.

Ine mtima unali pa nyumba ya achimwene. Ndinayamba kuyankhula monga mwa nthawi zonse. Ndinawapepesa, ndinawauza kuti mlongo wawo ndinkamudziwa, ndipo ndinalira pang'ono, osati mwachinyengo. Kenako ndinawalozera chikwangwani pa mango. Ndinati nyumbayi si ya Gerald ayi, ndi ya banki. Mukaiwotcha, amene amve kuwawa ndi a banki, inu mukalowa m'ndende, Gerald ali ku Mangalande akumwa tiyi. Ndinati pano palibe chake ngakhale msomali umodzi. Ndinalankhula bwino, achemwali. Ndinaona wamng'ono wawo akubweza chigubu pa keliyala, ndipo mumtima ndinadziyamikira.

Wadazi uja anayang'ana mawindo opanda magalasi. Kenako anati ndanena zoona, palibe chifukwa chowotchera chinthu chimene mwini wake anachitaya kale. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pepala lopindapinda. Atalitambasula ndinadziona ndekha, chipewa changa, banzi m'manja, khutu pamwamba panga. Anandiwerengera mawu a m'munsi mwake pang'onopang'ono, podziwa kuti sindiwerenga. Munali dzina langa monga bambo ake a Khutu. Munali dzina la Princess. Munali dzina lanu, ndi Mkanda, ndi Dedza.

Ndinayesa kunena kuti ine ndine bambo wamng'ono chabe, ndipo Princess ndi Gerald sayankhulana, mwana uja anathamangitsidwa m'nyumba chifukwa cha mchimwene wake yemweyo. Bamboyo anapinda pepala n'kulibweza m'thumba.

"Madala, ife tinali ndi mlongo mmodzi," anatero. "Iyenso ali ndi mmodzi, eti?"

Ndinati mwana uja alibe mlandu.

"Tabeth anali ndi mlandu wanji?"

Anakwera njinga zawo. Pochoka wamng'ono uja anauza anzake, osati ine, kuti Lamulungu akameta maliro, Lolemba adzakhala omasuka.

Sindikudziwa chimene akufuna kuchita. Mwina ndi ukali wa pa maliro, ukhoza kuzizira. Alufeyo akutero. Koma Alufeyo sanaone nkhope ya bambo uja. Munthu wolusa ndimamudziwa, amatukwana, amagwetsa njinga. Uyu anatsamiritsa njinga yake bwinobwino.

Ndinkafuna kuthamangira kwa inu tsiku lomwelo. Koma nditatuluka pa mpanda ndinaona mmodzi wa iwo atakhala pa kalavati tsidya la msewu, akusenda nzimbe. Nditapita ku msika, iye ku msika. Pepala lija linatchula Mkanda koma silinatchule mudzi wathu, ndiye ndinazindikira kuti ndikalowera kwanu ndiwatsogolera ndekha mpaka pakhomo. M'mawa wa Lachitatu ndinakwera njinga ya kabaza yolowera kumalire, ndinawoloka. Nyumba ndaisiya chomwecho. Kaya aiwotche, kaya azule malata onse, kaya njuchi ziitenge. Miyezi inayi ndinkalondera makoma, mwana wa achimwene ndinamupereka ndi banzi limodzi.

Musadalire zoti mudzi sakuudziwa. Dzina lanu ku Mkanda ndani salidziwa, inu amene mumayambitsa nyimbo m'tchalitchi? Adzangofunsa pa msika kuti kwa a Benedicta n'kuti, ndipo anthu athu ndi aulemu kwa alendo, adzawaperekeza mpaka pa nkhokwe.

Pempho langa ndi limodzi. Princess achoke pakhomo panu lisanafike Lolemba, iye ndi khanda lake. Ndikudziwa akana. Adzati mtedza wake sanakumbe, adzati anathamangitsidwa kale kamodzi chifukwa cha Gerald ndipo sathawanso. Ali ndi mtima wa bambo ake. Muuzeni kuti mtedza akumba Esitele ndipo palibe amene adyeko. Akaumirira, Esitele amuwerengere kalatayi yonse, ngakhale adane nane mpaka kumanda. Ku Dedza asapite, kumeneko ndinakutchulanso. Kwa abale athu ena onse amene ine ndimawadziwa asapite, chifukwa sindikukumbukira bwino zonse zimene ndinanena pa khonde paja. Funsani alamu, iwo ali ndi abale kuchimuna amene ine sindinafikeko.

Alendo akabwera, apatseni mpando ndi madzi akumwa. Muwauze kuti mwana uja anachoka kalekale. Alamu asatenge nkhwangwa, ndikuwadziwa. Ndipo fodya amene ali m'chigafa, ngati n'kotheka, mumange mabelo msanga.

Kalatayi ndapatsira Yohane, wa njinga amene amagula mtedza, akudutsa njira ya kumunda ndipo afika kwanu mawa Lachisanu. Iye sakudziwa zimene zalembedwamo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Esitele ndi amuna ake, kwa adzukulu onse, ndi kwa amalume a kutsidya kwa dambo ngati akumvabe. Kwa Princess sindikudziwa ngati moni wanga angaulandire. Mumupatse pamene wakwera kale.

Mukamayankha, mulembe mawu awiri okha, akuti mwana wapita. Musalembe komwe wapita. Ndikadzabwera kumudzi n'kukufunsani, ngakhale nditalira, ngakhale nditalumbira pa manda a amayi, musadzandiuze.

Ndatha ine mlongo wanu,
Cyprian