Jenerale Wopanda Nsidze

Lolemba, 29 Seputembala

Mawa ndikuvula yunifolomu. Zaka 38 ndili m'polisi, kuyambira pa kasiteshoni ka m'malire kopanda magetsi kaja mpaka kukhala mkulu wa apolisi a chigawo chonse. Ofesi yadzaza maluwa ngati ndamwalira. Mkazi wanga Ratree akuti ndisanyade, anthuwo akusangalala kuti ndikuchoka.

Amayi aimba foni kuchokera kumudzi kwathu ku Roi Et. Za nyenyezi zapaphewa alibe nazo ntchito. "Piak, tsitsi lija likadalipo?" Basi, n'kudula.

Ndili ndi zaka 20 ndinawalonjeza kuti ndidzameta n'kuvala mkanjo wachikasu wa amonke achibuda, ngakhale masabata awiri okha, iwo alandirepo madalitso. Ndinathawira kusukulu ya apolisi. Chaka ndi chaka: "Chaka chamawa, Amayi." Pano ali ndi zaka 87, ndipo mwana wamwamuna ndine ndekha.

Lachiwiri, 30 Seputembala

Perete, zolankhula, saluti yomaliza. Ndalirako m'galimoto. Palibe wandiona, ndikuganiza.

Lachinayi, 2 Okutobala

Kumudzi. Amayi aonda, koma pakamwa m'pomwe paja. Akuti mimba yanga inakwezedwa udindo kuposa mwini wake.

Kukachisi andipatsa mmonke woti andiphunzitse mawu opemphera umonke m'Chipali, chinenero chakale cha mapemphero. Kutukula maso, mayo ine, Kamron! Sajeni Kamron, yemwe ndinam'peza akugona pa rodibuloko ndi kum'thamangitsa kuzungulira siteshoni kakhumi, dzuwa lili paliwombo. Watha zaka 14 ali mu mkanjo. Kuno wamkulu ndi amene anayamba kumeta, ndiye ndam'gwadira, chipumi pansi katatu. Maondo alira ngati chitseko chakale.

"Pang'onopang'ono, a Jenerale. Kuno sitithamangitsa anthu." Nkhope ili phee. Ndikudziwa akusekera m'mimba.

Lamulungu, 5 Okutobala

Chipali chandikana. Malamulo a dziko ndimawanena pamtima, koma mizere iyi ikuterera ngati mlamba. Ndikalephera kuinena ndekha pamaso pa amonke, mkanjo palibe. Ndafunsa ngati wina sangandinenere. K., Kamron uja, wangoti, "Bwerezani."

Ndakwiya zedi. Ndauza Ratree kuti tisunthire chaka chamawa. Watsegula kabati ya Amayi, muli mkanjo wopinda bwinobwino. "Uwu ndi wachinayi," akutero. "Itatu inadyedwa ndi njenjete Amayi akukudikira."

Manyazi andigwira mpaka kuzala zakumapazi.

Lachitatu, 8 Okutobala

Amayi sakudya kuyambira Lolemba. Supuni ziwiri za phala, basi, n'kutembenukira kukhoma. Ndili ndi mantha.

Koma ndapeza njira! Ndikakhala pansi mutu umauma, ndikamaguba mawu amalowa, ngati kusukulu ya apolisi kuja. Manzere, manja, mzere umodzi. Ndaguba kuzungulira kachisi masana onse, thukuta kamukamu, agalu akundilondola. Ndikutembenuka, K. ali pansi pa mtengo wa mango, akupinda zala.

"Kasanu ndi kanayi, a Jenerale. Kwatsala kamodzi."

Ndaseka mpaka kutsamira khoma. Komabe ndamaliza kachikhumiko.

Loweruka, 11 Okutobala

Kumeta. Amayi tawanyamula pampando. Adula tsitsi loyamba n'kuliika patsamba. Lotsalalo wameta K., ndi nsidze zomwe. Nsidze zimene zinkanjenjemeretsa maofesala! Ratree waseka mpaka misozi, akuti ndafanana ndi dzira lowiritsa. Kenako wandigwira dzanja nthawi yaitali, poti kuyambira mawa mkazi sandikhudza.

Lamulungu, 12 Okutobala

Ndanena zonse! Pamzere wachisanu mutu unati zii. Ndagunda chala chakuphazi, manzere, manja, mawu n'kubwera okha. Mkanjo ndavala, koma nsalu yapaphewayi ikungogwa.

Lolemba, 13 Okutobala

M'bandakucha, ulendo woyamba woyenda m'mudzi ndi amonke kulandira chakudya. Ine kumapeto kwenikweni kwa mzere, mbale m'manja, wopanda nsapato. Timiyala ta m'mudzi muno tilibe ulemu ndi udindo wa munthu. Amayi ena ogulitsa nkhuku yowotcha andizindikira, n'kudzitseka pakamwa.

Pageti pathu, Amayi ali pamkeka, atagwada. Ratree akuti akana mpando. Amayi aika kambulu ka mpunga womata m'mbale mwanga, kakadali kotentha. Kenako aphatika manja n'kundiweramira. Ine, Piak, amene ankandikwapula ndi chipande chopakulira mpunga.

Mmonke sathokoza. Kuwadzutsa sindingathe, kuwagwira sindingathe. Changa n'kunena mawu a dalitso, koma mawuwo andithawa. Ndagunda chala, osabwera. K. wayamba chapansipansi osandiyang'ana, ine n'kumutsatira mpaka kumapeto.

Mzere wanyamuka. Sitiloledwa kucheuka. Koma kumbuyo ndamva bwinobwino:

"Ratree, tandipakulira. Udzaze mbale, lero ndidya."